Kanema Wabwino Sabisa Mtengo

Nkhani ya mafilimu ikabuka pakati pathu kawirikawiri timagawikana pawiri. Akuluakulu amati zonsezo n'zoononga ana, ndipo akatero nkhani yatha. Achinyamata amati n'zongotayitsa nthawi, zopanda vuto lililonse, nawonso akatero nkhani yatha. Mbali ziwirizi zimaoneka ngati zikulimbana, komatu pa chinthu chimodzi zimagwirizana: zonse zimathawa ntchito yosankha. Mayi wopeta mpunga sataya lichero lonse chifukwa muli mankhusu, ndiponso saphikira banja lake mankhusuwo. Amakhala pansi napeta. M'kope lino ndikufuna tipete mafilimu, mtundu ndi mtundu, ndipo ndinena maganizo anga mosapsatira. Amene aone mosiyana nane, khomo la tsamba lino ndi lotsekula.

Kanema si mlendo wa dzulo kuno kwathu. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, boma lidakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema, ndipo magalimoto ake ankayenda m'madera kukaonetsa pa chinsalu nkhani za dziko zotchedwa Kuxa Kanema. Nkhondo itatha mu 1992 zidachuluka nyumba za vidiyo: kachipinda ka mdima, mabenchi, jenereta ikulira kuseri, ndi chimkuzamawu pakhomo choitanira odutsa. Matepi adasiyira malo zimbale, zimbale nazo zidasiyira malo timakadi ta m'foni. Lero mnyamata wa ku Ngauma angathe kugona ndi mafilimu khumi pansi pa pilo, ena mwa iwo omasuliridwa kale m'Chichewa kutsidya kwa malire, ku Malawi. Choncho funso loti ana athu aonere kapena asaonere lidayankhidwa kale popanda ife. Latsala ndi loti: filimu yabwino tiidziwa bwanji?

Muyeso wanga ndi wa pa msika. Wogulitsa amene amabisa mtengo mpaka katundu mutamusenza pamutu, tonse timamulambalala. M'moyo chilichonse chili ndi mtengo wake: imfa ya munthu, chuma, chikondi, ngakhale kuseka kumene. Filimu yabwino imaonetsa chinthucho pamodzi ndi mtengo wake, ndi amene akuulipira. Filimu yofooka imaonetsa kukoma kokha, ngati chikomekome cha mkuyu, nyerere n'kuzibisa m'kati.

Za nkhonya ndi mfuti

Tiyambe ndi mtundu umene umadzaza mabenchi. Ubwino wake ulipo, tisaukane. Nkhani zake ndi zosavuta kutsata ngakhale kwa munthu wosamva chilankhulo chake, ndipo zimalemekeza kulimba mtima ndi kuteteza wofooka. Aliyense woona Bruce Lee mu Enter the Dragon ya 1973 amazindikira kuti thupi lotere silibwera mwa maloto koma ndi zaka za kudziletsa. Jackie Chan ndimamukonda pa chifukwa china. Kumapeto kwa mafilimu ake ambiri amaonetsa zimene zidalakwika pojambula: kugwa, kuvulala, anzake akuthamanga kudzamunyamula. Pojambula Armour of God ya 1986 adagwa kuchokera mu mtengo nasweka chigaza. Poonetsa zimenezi amakhala akuuza mwana woonerayo kuti kulumpha kumene wasirira kuli ndi malipiro ake.

Kufooka kwa mtunduwu ndi kwakuti imfa imatsika mtengo kuposa tomato wa madzulo. Mu Commando ya 1985, Arnold Schwarzenegger amapha anthu osawerengeka pofuna kupulumutsa mwana wake wamkazi, ndipo palibe maliro ngakhale amodzi, palibe wamasiye, palibe wokumba manda. Anthu ogwawo alibe maina, alibe amayi awo. Chodabwitsa n'chakuti filimu yoyamba ya Rambo, First Blood ya 1982, siinali yotero. Imanena za msilikali wobwera ku nkhondo ya ku Vietnam mutu utasokonezeka, amene kwawo sadamulandire, ndipo imatha iye akulira ngati mwana pamaso pa mkulu wake wa nkhondo. Mafilimu otsatirawo adachepetsa misozi nachulukitsa zipolopolo, poti zipolopolo ndizo zinkagulitsa. Kwa ine yoyambayo imaposa zinzake zonse kuziphatikiza pamodzi.

Sitima ya mchere ndi shuga

Ife a chigawo chino cha Niassa sitiyenera kuphunzira za nkhondo kwa Hollywood. Ambiri mwa makolo athu adathawira ku Mangochi ndi ku Machinga atasenza mphasa ndi ana, ndipo amadziwa kulira kwa mfuti yeniyeni. Ilipo filimu imene imanena nkhani ya njira yathu yomwe ino. Dzina lake ndi Comboio de Sal e Açúcar, ya Licínio Azevedo, imene idatuluka mu 2016 ndipo idakhala yoyamba kutumizidwa ndi Mozambique ku mpikisano wa Oscar. Imatsata sitima ya pamtunda yonyamuka ku Nampula kulowera ku Cuamba, njira ya ku Malawi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. M'sitimamo muli amayi onyamula mchere wa kunyanja kuti akasinthanitse ndi shuga, muli namwino Rosa wopita ku ntchito yake yatsopano, muli ndi asilikali operekeza. Sitima imayenda ngati nkhono, kuima kawirikawiri kuti anthu akonze njanji yoonongedwa, madzi akumwa akutha, adani ali m'tchire osaoneka.

Mphamvu ya filimuyi ili pa kunena zoona zowawa: mantha a apaulendo sachokera kutchire kokha ayi, amachokeranso kwa ena mwa asilikali omwe adapatsidwa ntchito yowateteza. Munthu akafa m'filimuyi mumamva kulemera kwake, chifukwa mudamuona akudya, akuseka, akuwerenga matumba ake a mchere. Zofooka zilipo. Chikondi cha Rosa ndi msilikali Taiar chimakula mofulumira kuposa mmene nkhaniyo yatikonzekeretsera, ndipo poti filimuyi ndi ya m'Chipwitikizi, agogo ambiri amene adaiona nthawi imeneyo ndi maso sangaimve popanda wowamasulira. Komabe mukaiika pa sikelo pamodzi ndi mafilimu makumi awiri a mfuti a kunja, iyo yokha imalemera. Azevedo yemweyo adakonzanso Virgem Margarida mu 2012, yonena za amayi amene mu 1975 adagwidwa m'misewu ya likulu natumizidwa ku misasa ya kutchire kuti akawasinthe khalidwe, misasa ya mtundu umene udaliko kuno ku Niassa. Imeneyo si ya ana, koma akuluakulu idzawapatsa zokambirana.

Za ku Nigeria

Mafilimu a ku Nigeria adatigwira mtima chifukwa kwa nthawi yoyamba tidaona pa kanema anthu a khungu lathu akulimbana ndi mavuto a m'nyumba zathu: mitala, kusabereka, nsanje ya pachibale, mwana wopita ku tauni n'kuiwala kwawo. Umenewu ndi ubwino waukulu. Filimu imene anthu amati ndiyo idatsekula njira, Living in Bondage ya 1992, imapambana pa muyeso wanga. Andy amafuna chuma cha msanga, amapereka nsembe mkazi wake Merit, chuma chimabweradi, koma mtendere umamuthawa mpaka misala. Mtengo wa kukhwima waikidwa poyera, ndipo ngakhale Andy amalanditsidwa pamapeto, Merit sabwerera.

Koma mtunduwu uli ndi matenda awiri. Oyamba ndi akuti tsoka lililonse limakhala ndi mfiti yake, ndipo mfitiyo kawirikawiri ndi mayi wokalamba, kapena apongozi. Mwana akadwala palibe wotchula udzudzu kapena madzi a pachitsime; bizinesi ikagwa palibe wofunsa za ngongole. Patience Ozokwor ndi katswiri weniweni wa zisudzo, koma waseweredwa ngati mpongozi woipa kambirimbiri kotero kuti mwana woonera angayambe kuyang'ana agogo ake ndi diso lina. Ichi si chinthu chosewera nacho. Mu Januwale 2016, ku Neno m'dziko la Malawi, okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Sindikunena kuti filimu ndiyo idawapha. Chikhulupiriro chimenecho ndi chakale kuposa kanema. Ndikunena kuti nkhani yothirira moto umene ukuyaka kale m'midzi mwathu iyenera kuonedwa ndi maso awiri.

Matenda achiwiri ndi mathero ofulumira. Woipa amazunza anthu maola atatu, kenaka m'mphindi zisanu zomaliza abusa afika, apemphera, iye agwa pansi, aulula, nyimbo iyamba. Nanga munda umene adalanda? Nanga ana amene adawachotsa sukulu? Ife timadziwa kuti kulapa koona kumayenda ndi kubweza, monga adachitira Zakeyu. Filimu yodumpha gawo limeneli yatibisira theka la mtengo.

Za chikondi

Mafilimu a ku India ali ndi nyimbo zokoma, zovala zokongola, ndi ulemu kwa makolo umene mafilimu ambiri a Azungu adautaya. Masewero a pa wailesi ya kanema ochokera ku Brazil, amene timangowatcha manovela, ali ndi luso lokusiyani m'malere usiku uliwonse kuti mawa mubwerenso. Luso limenelo ndi lenileni, ndipo olemba masewero a achinyamata m'mipingo mwathu angaphunzirepo kanthu.

Vuto lawo ndi limodzi: amathera pamene moyo ukuyambira. Maola onse amapita pa kufunana, kulekanitsidwa ndi kupezananso, ndipo tsiku la ukwati likafika chinsalu chimatsekedwa. Sitiona mwezi wa Febuluwale nkhokwe itapepuka, mwana akutentha thupi usiku, chipatala chili kutali. Mtsikana woleredwa ndi nkhani zoterezi amalowa m'banja akuyembekeza nyimbo, napeza khasu. Chifukwa chake pa mafilimu onse a chikondi amene ndidaonapo ndimaika patsogolo Neria, ya ku Zimbabwe, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Imayamba ndi banja limene lamanga kale nyumba ndi thukuta la anthu awiri. Mwamuna, Patrick, amafa pa ngozi, ndipo m'bale wake Phineas amabwera kudzatenga katundu, ndalama, ngakhale ana. Neria amalimba mtima napita ku bwalo la milandu. Nkhaniyi idalembedwa ndi Tsitsi Dangarembga, ndipo Oliver Mtukudzi adaimbamo ndi kuseweramo ngati mlongo wake wa Neria. Kufooka kwake n'kwakuti penapake imalankhula ngati mphunzitsi wa malamulo, koma ndani pakati pathu sadaonepo wamasiye akutsala ndi mphika umodzi maliro atangotha? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Za nthabwala

Kuseka ndi mankhwala, ndipo sewero la Charlie Chaplin kapena la Mr Bean limaseketsa Myao, Mlomwe ndi Mnyanja pa benchi imodzi popanda womasulira. Funso la pa nthabwala ndi lakuti: akulipira kuseka kwathu ndani? Chaplin amadziseka yekha, ndipo amaseka olemera ndi apolisi. Wosauka m'mafilimu ake amatuluka ndi ulemu wake. The Gods Must Be Crazy ya 1980 ndi yoseketsa zedi, sindikana, koma idakonzedwa ku South Africa pa nthawi ya tsankho, ndipo imaonetsa anthu a mtundu wa San ngati ana osalakwa osadziwa za dziko. N!xau, mlimi wa ku Namibia amene adasewera mbali yaikulu, adalandira ndalama zochepa kwambiri pa filimu yoyambayo, pamene iyo idapanga mamiliyoni a madola. Sekani ndithu, koma dziwani amene adasenza mtolo. Chimodzimodzinso nthabwala zoseka wolumala, wachibwibwi kapena wamisala: zimenezo ndi zotchipa kwa wosekayo, zodula kwa wosekedwayo.

Za m'Baibulo

Pano ena ayembekeza kuti ndingoyamikira, koma lichero ndi lomwe lija. Filimu ya Yesu ya 1979, imene ambiri tidaionera pabwalo usiku, ili ndi mphamvu ziwiri: imatsata Uthenga wa Luka mosapatuka kwenikweni, ndipo yamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 2,000, Chichewa chili m'gulu. Kwa munthu wosadziwa kuwerenga imeneyi ndi mphatso. Kufooka kwake n'kwakuti nkhope ya Brian Deacon, Mngelezi amene adasewera mbali ya Ambuye, yakhazikika m'mitu ya anthu ngati chithunzi chenicheni. Mwana ayenera kuuzidwa kuti ameneyo ndi wa zisudzo, ndi kuti Malembo satiuza za maonekedwe a nkhope ya Yesu.

The Passion of the Christ ya Mel Gibson, ya 2004, siibisa mtengo ngakhale pang'ono. Zikoti ndi misomali zili poyera. Komatu imakhalitsa pa mabala kotero kuti chiphunzitso chimangoonekera mwa apo ndi apo, ndipo kuuka kwa akufa kumapatsidwa kamphindi kochepa kumapeto. Yaonetsa malipiro, koma chogulidwacho yachionetsa pang'ono. Ana aang'ono asaionere.

Mafilimu ena achikhristu a masiku ano ali ndi vuto lotsutsana nalo. Munthu akangotembenuka mtima, sabata yomweyo apeza ntchito, galimoto ndi mkazi wokongola. Mbale amene watumikira mokhulupirika zaka makumi atatu akuyendabe pa njinga yakutha matayala amatuluka m'filimu yotere akudzifunsa chimene adalakwa. Uthenga wabwino sukhululukira nkhani yabodza.

Zathu zomwe, ndi omasulira

Kutsidya kwa malire kwatuluka ntchito zoyenera kuzifunafuna. The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, ya 2012, imanena za msodzi wa ku Mangochi amene nsomba zikumuthera m'nyanja pamene alendo odzaona malo akusintha khalidwe la m'mudzi ndi la m'nyumba mwake. The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019 imafotokoza za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene adachotsedwa sukulu posowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, napanga makina a mphepo ndi zitsulo zotola kudzala. Njala ya m'filimuyi ndi yoona: banja likudya kamodzi pa tsiku, anthu akukanganirana chimanga pa depoti, galu wa mnyamatayo akufa. Zofooka zake ndi ziwiri. Chichewa cha Chiwetel Ejiofor ndi anzake ena ochokera kunja chimapunthwa m'khutu la mwini chilankhulo, ngakhale khama lawo ndi loyamikika. Ndiponso filimuyi imafupikitsa mbiri: makina oyamba a Kamkwamba adayatsa magetsi m'nyumba, zopopa madzi zidabwera pambuyo.

Anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa ndiwapatse ulemu wawo. Atsekulira khomo anthu amene Chingerezi, Chitchaina ndi Chihindi zidawatsekera, ndipo ena mwa iwo ali ndi lilime lakuthwa kuposa olemba filimuyo. Koma womasulira ali ngati mkhalapakati pa mlandu: akawonjeza zake, mlandu umapotoka. Ndamvapo womasulira akuponya nthabwala pamene mayi m'filimu akulira mwana wake, benchi yonse n'kufa nacho chiseko. Pamenepo wokonza filimu adaika mtengo poyera, womasulira n'kuufufuta.

Tichitepo chiyani

Kwa makolo ndinena ichi: kuletsa chinthu chimene simudachione kumangophunzitsa mwana kubisa. Khalani naye pansi tsiku lina, muonere limodzi imene iye amaikonda, ndipo ikatha mumufunse mafunso atatu. Wavutika ndani m'nkhaniyi? Kodi filimuyi yamulira, kapena yangomudutsa? Zikadachitika m'mudzi mwathu muno, mawa lake kukadacha bwanji? Mudzadabwa ndi nzeru zimene mwanayo ali nazo, ndipo iye adzadabwa kuti inunso mumatha kuseka.

Kwa achinyamata: musalole kuti foni ikusankhireni. Amene amadya chilichonse choikidwa pa mbale yake sitimutcha wodziwa chakudya.

Ndipo kwa atsogoleri a magulu a achinyamata ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba ndili ndi pempho. Funafunani filimu ya sitima ya mchere ija mwa njira yoyenera, mupeze womasulira wodekha, muitane amayi ndi abambo amene adakhala ndi moyo m'zaka zimenezo kuti akhale pa benchi ya kutsogolo. Ikatha musafulumire kubalalika. Apatseni mpata anene pamene filimuyo yalondola ndi pamene yaphonya, pakuti iwo ndiwo adalipira mtengo wake, ndipo chaka ndi chaka akucheperachepera pakati pathu.

Tidzachezanso m'kope likudzali. Mtendere ukhale nanu nonse.